Kamphindi kamene anakachotsa

Amakaniko oyandikana nafe sapupuluma pa chilichonse. Ukawabweretsera tabo, kachipangizo kopopera mpweya mu injini, amayamba aipukuta, kenako amazunguza kagudumu kake ndi chala, khutu lili tcheru. "Iyi mabeling'i ake, pomwe pamazungulira kagudumuka, ngoyandama pa oyilo," amatero. "Ukaponda moto imayamba yaganiza kaye."

Mkamwini wawo ali ndi galimoto yampikisano, ndipo kuchedwa kumeneko kumamutopetsa. Tsiku lina anabwera kugalaja ndi mkazi wake, khanda lili kumsana.

"Apongozi, ndiikireni tabo ya mabeling'i a timipira. Ndikaponda iziyankha pompo."

Mkuluyo sanatsutse. Anaimanga mosamala n'kukaiyesa pamsewu, ndipo galimoto inkachita kudumpha ngati yalumidwa ndi mavu. Atabwerako anakhala kaye mkati, injini ikulira chapansipansi kuti tabo izizire, maso ali pa mdzukulu wawo. Kenako anatsika.

"Ntchito yatheka, bambo. Koma kamphindi munkadana nako kaja n'kamene kankakupatsani mpata wobweza phazi. Ndakachotsa. Tsopano muziganiza musanakwere."

Makiyi anapatsira mwana wawo wamkazi.