Alamu Agola, Mlonda wa Chiluo

Wegesa anawaona koyamba tsiku lomwe anafika ku Suna, dera la Aluo, monga mtengwa wochokera kwa Akuria. Anthu ali yakaliyakali kumulandira, bambo wina wamtali, wovala jekete dzuwa lili phwee, ankakalipira mayi wophika. Mlandu wa mayiyo unali woti watchula busara, phala lowawasa lija la mawere.

"Limenelo ndi liwu la Akuria! Kodi Chiluo chatha?"

"Amenewo ndi akulu anga, a Agola," mwamuna wake Owuor anamunong'oneza. "Amalondera chilankhulo chathu. Palibe anawalemba ntchitoyo."

Ntchito yawo yeniyeni inali yomata matayala a njinga pamsika, koma ankamata ndi dzanja limodzi, khutu lili kwa odutsa. Mluo akatchula liwu la Akuria, ankati wagula chakuba. Mkuria akaitanitsa omena, tinsomba touma tija, ankati waba.

"Nyanja alibe, koma dzina la nsomba zathu akulitafuna!"

A Agola ankalumbira kuti Chikuria sichinalowepo m'khutu mwawo. Busara wa Wegesa ankamwa ndithu, mpaka kupukuta ndevu, koma poitanitsa ankangoti, "Alamu, chija cha kwanu chija."

Owuor atamwalira, panabuka nkhani ya chokolo. Wegesa sankafuna mwamuna wina. Ankafuna nyumba yake, ana ake ndi munda wake wa chinangwa. Koma kukana pamaso pa akuluakulu, iye amene ngakhale pogula mchere ankayang'ana pansi?

Tsiku la msonkhano a Agola anaimirira nakonza jekete.

"Ine ndadzipereka. Koma ndisanalowe m'nyumbamo, atsuke m'kamwa, iye ndi ana omwe. Liwu limodzi la kwawo, ine sindipondamo."

Anakhala pansi ngati munthu amene wagawa ng'ombe.

"Mwamva, mayi," anatero mkulu wa banja. "Yankhani."

Wegesa anayang'ana zala zake. Kenaka anayamba kuyankha, motsitsa, m'Chikuria chokhachokha. Anathokoza akuluakulu. Anati Owuor anamukwatira ndi pakamwa pomwepa ndipo sanadandaulepo. Azimayi anabisa nkhope m'mipango, pakuti pamudzipo panalibe wosamva. Nanga msika si umodzi? A Agola okha ankayang'ana kumwamba, kuonetsa kuti kwa iwo ndi phokoso chabe.

Mawu osakwera, Wegesa anawonjeza kuti khola lake ndi laling'ono, tonde wokalamba wonunkha fodya sangakwanemo.

"Tonde ndani?" A Agola anadzambatuka. "Ndipo fodyayo ndinasiya kalekale!"

Chiseko chinaphulika mpaka nkhuku kubalalika.

"Achimwene," anatero mkulu uja akupukuta misozi, "si paja inu simumva?"

"Ndangoganizira!"

"Mwaganizira mpaka fodya?"

Nkhani inathera pomwepo. Lamulo lija a Agola anaika okha, ndipo pamaso pa anthu sakanalimeza. Wegesa anatsala m'nyumba mwake.

Kuchokera tsikulo a Agola ankazungulira njira yakudambo kuti asadutse pakhomo pake, ndipo pamsika ankamata njinga ndi manja onse awiri. Mawu omaliza anamuuza tsiku lomwelo, pachipata, anthu akubalalika.

"Alamu, mukanangondikana m'Chiluo. Ndikanapeza poyankhira."