Magazi Anga Anapuma M'chitokosi

Anandiitana Lachisanu m'mawa, mwezi wa Novembala, mutu wanga uli m'kati mwa diramu. Kapitawo anamenya diramulo ndi sipanala nati, "Woza, bwera, uli ndi alendo ku ofesi." Ndinapukuta manja pa ovolosi n'kumutsatira. Alendowo anali apolisi, atakhala pa mipando ya bwana, akumwa tiyi wa bwana.

Ndiyambe ndafotokoza ntchito yathu kuti mumve chimene ankandigwirira. Yadi imene timagwiramo ntchito ili kuseri kwa Queensburgh, kuno kudziko la eni. Timatsuka madiramu ochokera ku mafakitale, ena a penti, ena a mankhwala amene dzina lake anachita kulipala. Umathiramo mankhwala osungunulira, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. Magolovesi tinkawaona tsiku lobwera oyendera basi. Achimwene anga, amene anandiitanitsa kuchokera kumudzi n'kundipezera ntchitoyi, anatsuka zaka zambiri kuposa ine. Chaka chimenecho anayamba kutuluka magazi m'kamwa, ndipo kuchipatala anati ndi khansa ya m'magazi. Bwana anawatumizira thumba la malalanje, n'kulemba munthu wina.

Kenaka ku tchalitchi kwathu ku Cato Manor kunabwera mayi wina, dokotala wochita kafukufuku ku yunivesite. Anati m'thupi mwa munthu muli tiulusi tosaoneka ndi maso, totchedwa DNA, timene timalangiza thupi kapangidwe kake. Mankhwala ena akalowa amadula tiulusito. Thupi limasoka, koma likasoka molakwika, khansa imayambira pomwepo. Anationetsa zithunzi pa foni: kadontho kabwino kamakhala kozungulira, kodulidwa kamakoka mchira. Anapempha magazi a ife amene tikutsukabe, otengedwa Lachisanu titangoweruka, mankhwala akadali m'thupi. Koma magazi a achimwene, iye anati, sangamuuzenso kanthu, chifukwa mankhwala akuchipatala anali atawasokoneza kale.

Anzanga anang'ung'udza kuti awa ndi anamapopa, angovala makhoti oyera. Ine ndinapita kukawauza achimwene. Anali gone pa matiresi, alamu akuwapukuta pakamwa.

"Kumudzi akuti andilodza," anatero. "Bwana akuti ndi fodya, ine wosasuta. Iwe kapereke magaziwo. Ndikufuna ndimve ndi makutu angawa chimene chandipha, ndisanapite."

Ndinawalonjeza. Ndinayenda nyumba ndi nyumba mpaka anzanga anavomera kuti tipitira limodzi.

Pa yadipo panali bambo wina wachikulire wa ku Mangochi amene tonse tinkamumvera, Akhirisitu ndi Asilamu omwe. Anati, "Ana inu, munthu sachoka pakhomo pa mwini osatsanzika. Tisachite zinthu ngati akuba." Palibe anatsutsa, poti umo ndi mmene tinaleredwera. Lachinayi ine ndi iwo tinalowa mu ofesi zipewa zili m'manja, n'kupempha kuti mawa lake tiweruke msanga, tikufuna tikapereke magazi kwa ofufuza. Bwana anamwetulira nati, "Sharp." Tinatuluka tikumuyamika kuti ndi munthu womva. Mpaka lero ndikakumbukira kuyamikako ndimalavula.

Apolisi aja anatsegula pasipoti yanga, osaiwerenga, nati chidindo chake n'chabodza. Anandimanga unyolo n'kundidutsitsa pakati pa yadi, osati njira yachidule ya kugeti, kuti aliyense aone bwino.

Tsiku lomwelo masana anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera. Za chidindo sanafunse. Wamkulu wawo anafuna kudziwa amene anandituma kwa anthu a majekeseni, ndi mayina a Amalawi ena amene anavomera. Ndinati sindikuwadziwa. Anati, "Magazi akowo ndi a ku Malawi. Ukadwalire kwanu, kuno unabwera kudzagwira ntchito." Pa tebulo panali chubu cha tayala. Sindilemba zambiri za chubucho. Chimakwana nkhope ya munthu bwinobwino, ndipo ankachichotsa nthawi yabwino, chifukwa ntchito yawo ankaidziwa. Nditatsitsimuka, wapolisi wina wamng'ono anandipatsa madzi nati, "Uyabona, waona, sitikudana nawe ayi."

Mayina sindinatchule. Sikuti ndinali wolimba mtima. Ankawadziwa kale, ankangofuna kuti anzanga amve kuti ndafunsidwa.

Anandisunga m'chitokosi akuti podikira kuti chidindo chifufuzidwe. Tinali ambiri, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, ndi eni dziko amene anagwidwa pa milandu yawo. Tinkagona chammbali, mmodzi akatembenuka tonse titembenuke. Chichewa ndinachibisa monga ndimachitira mu takisi. Munali mnyasa mnzanga, tinazindikirana ndi maso, koma sitinapatsane moni mpaka anamutenga.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri m'menemo si nsikidzi kapena phala lamadzi. Anali manja anga. Zaka zonse anali osweka ngati zidendene, akuda m'ming'alu. Pofika Disembala anali atapola, khungu latsopano, losalala. Ndinkawayang'ana ndi mkwiyo, chifukwa ndinadziwa kuti chimene dokotala ankafuna chikuchoka m'thupi mwanga tsiku ndi tsiku, ine nditangokhala.

Alamu ankabwera Lamlungu akaweruka kunyumba imene amagwira ku Glenwood. Ankaima kuseri kwa waya n'kunena zomwezomwezo: "Achimwene anu akufunsa ngati zotsatira zatuluka." Anandiuzanso kuti Lachisanu lija dokotala anadikira ndi mabotolo ake mpaka dzuwa kulowa, koma palibe ndi mmodzi yemwe anapita. Sindiwada anzangawo, chaona mnzako chapita. Koma ndikanena kuti sindinawatukwane mumtima ndinama.

Lamlungu lotsatira Khirisimasi alamu sanaoneke. Lolemba m'mawa, pa nthawi yotiwerenga, mlonda anaima pa ine nati, "Mkazi uja anaimba foni. Akuti ubhuti wakho ushonile. Sorry, neh." Kunali kundiuza kuti achimwene amwalira. Anapitiriza kuwerenga. Ndinaima pamzere mpaka anamaliza, chifukwa ukachoka amayambiranso ndipo anzako amakuda.

Ananditulutsa mu Januwale, loya amene dokotala anamupeza atavutitsa apolisiwo. Anandibwezera pasipoti, lamba ndi zingwe za nsapato. Chidindo chinapezeka kuti n'chabwinobwino. Mlandu panalibe, kupepesa panalibenso. Wa pa kauntala anati, "Hamba, tisakuonenso kuno," ngati ndinachita kubwera ndekha kudzacheza. Thupi la achimwene linali litapita kale kumudzi, ndipo kumeneko nkhani inatha kuti anawalodza.

Ndinapitabe kwa dokotala uja. Anatenga magazi, ndipo patapita masiku anandiitana n'kundionetsa chithunzi. Timadontho tanga tinali tozungulira, michira pang'ono chabe.

"Thupi lanu lapuma, lasoka zambiri," anatero. "Kwa inu ndi nkhani yabwino, bambo."

"Ndiye kuti m'chitokosi munandichiritsa?"

Anabwezera maso pa chithunzi. Ndinamufunsa ngati chithunzicho chinganene kanthu za yadi. Anati ayi, pachokha sichinena kanthu. Ndinafunsanso kuti nanga atakhala ndi china, cha magazi omwewa nditabwerera ku madiramu. Anati kusiyana kwake kungaoneke, ngakhale munthu mmodzi si umboni wokwanira. "Koma zimenezo sindingakupempheni," anatero, "ndipo ndikukuchondererani kuti musachite."

Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji nditatuluka. Ndimawauza zoona. Ndinali mfulu kuyenda mu msewu, kukwera takisi, kugona chagada. Ndinali mfulu kusankha pakati pa kubwerera kumudzi kukamva za ufiti, kapena kukasaka yadi ina yotsuka madiramu a munthu wina. Amene ndinawalonjeza sadzamvanso kanthu ndi makutu awo. Koma ana awo akukula akumva kuti bambo awo anaphedwa ndi abale, ndipo ine ndi amene ndinatsala ndi magazi.

Lolemba ndinakaima pa geti la yadi yomwe ija. Kapitawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuseka.

"Waphunzira tsopano?"

"Yebo," ndinatero, maso ali pansi.

Anandiponyera ovolosi ya munthu wina, yonyowa kale m'mikono. Anzanga sanandiyang'ane. Ndinapendeketsa diramu, n'kuthiramo mankhwala, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. Lachitatu masana mutu unayamba kuwawa ngati kale, ndipo ndinathokoza Mulungu.