Phala la Mwana Wanga pa Moto wa Anansi

Tinasamukira ku Limbe sitima itangoyamba kumene kufikako. Amuna anga, omwe anaphunzira kulemba ku mishoni, anali atapeza ntchito ya ukalaliki kunjanji, ndipo ine ndinawatsatira ndili ndi khanda kumsana. Kwathu ku Chiradzulu ndinasiya amayi, azakhali ndi onse amene akadandiuza za kalerede ka mwana. Nyumba yathu inali yaudzu, kuseri kwa masitolo a amwenye, m'mbali mwa njira imene amtengatenga ankadutsa ndi mitolo ya fodya pamutu.

Mvula ili mkati ndinadwala malungo, ndipo pochira ndinapeza mkaka utachepa. Mwana, yemwe anali atangoyamba kukhala yekha pansi, ankayamwa n'kumalirabe. Ndinamuyambitsa phala monga ndinkaonera kumudzi, la ufa woyera lothira nsinjiro. Nkhuni m'tauni zinali zosowa, tinkakatola kutali kuphiri, choncho ndinkaphika kamodzi m'mawa, lotsala n'kulisunga m'chikho kuti ndizimumwetsa mpaka dzuwa kupendeka. Likalimba ndinkalisungunula ndi madzi a mumtsuko.

Posakhalitsa mwana anayamba kutsekula m'mimba. Maso analowa, liwombo nalonso linalowa. Alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, anabwera wapansi kuchokera ku Blantyre kudzamuona. Atamugwira pamutu anapukusa mutu wawo.

"Mlamu, ili ndi tsempho," anatero. "Achimwene angawa muwafunse bwino kumene amapita akaweruka kuntchito."

Amuna anga anangotuluka n'kukakhala pakhonde. Kuyambira tsiku limenelo sitinkayang'anana bwino, ndipo ine mtima unali pawiri.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wachiyao, Msilamu, wondiposa zaka ndithu. Amuna awo ankayenda ndi malonda a nsalu ndi mchere. Ine ndi iwo tinkangopatsana moni basi, ngakhale moto sitinkapemphana. Masana ena, atamva kulira kwa mwana kukuzilala, anaodira pakhomo n'kulowa. Anandipeza ndikumumwetsa phala.

"Achemwali, phalali mwaphika liti?"

"M'mawa, mayi."

"Talawani."

Ndinalawa. Linali litayamba kusasa, ndipo ntchentche zinali pakamwa pa chikho. Kenaka anapempha kuona mtedza umene ndinkasinja. Anaukhuthulira m'lichero, natola njere imodzi yonyala, yachuku m'mbali, n'kundipatsa kuti ndilume. Kuwawa kwake ndinalavulira pansi pomwepo.

"Inu mwalavula," anatero. "Mwana sadziwa kulavula, amangomeza."

Anakhala pamphasa n'kundiuza kuti iwo anaika m'manda ana awiri, onse nyengo ya mvula, onse atangoyamba phala. Wachitatu atabadwa anaganiza zosintha chilichonse chimene chinkalowa m'kamwa mwake, ndipo ameneyo anakula.

"Za tsempho ine sindidziwa, sindingakane kapena kuvomera," anatero. "Koma phala la chonchi ndikulidziwa."

Ndinawauza za vuto langa la nkhuni. Anaseka pang'ono. "Moto wanga suzima tsiku lonse, ndimaphikira anthu a malonda. Kamphika ka mwana kangandithere nkhuni zingati?"

M'mawa mwake anandibweretsera kamphika kadothi katsopano, kokhala ndi chivundikiro chake, ndi kachipande. Anati zimenezi n'za mwana yekha, zisakhudze ndiwo. Tinapatula nsungwi ziwiri za mpanda kuti pakhale podutsa. Mwana akamva njala ndinkadutsa pamenepo ndi ufa wapadzanja, n'kuphika phala longokwana nthawi imeneyo. Lotsala ndinkamwa ndekha. Madzi, kaya ophikira kaya omumwetsa, ankayamba awira kaye. Manja tinkasamba ndi phulusa. Mtedza anandiletsa kaye mpaka m'mimba mutaleka, ndipo titauyambanso tinkakhala awiriwiri pamkeka kusankha njere imodziimodzi, iwo akundiphunzitsa mawu achiyao, n'kumaseka katchulidwe kanga.

Mwana tinapita nayenso kuchipatala cha mishoni. Anatipatsa mankhwala, nandiuza kuti ndisasiye kuyamwitsa ngakhale mkaka ukhale wochepa. Alamu anga nawo anabwera ndi kachingwe kawo n'kumumanga m'khosi.

Amuna anga sanayankhulepo za mawu a mlongo wawo aja. Koma Loweruka lina ataweruka anavula jekete lawo loyera, natenga nkhwangwa n'kulowera kuphiri. Anabwera ndi mtolo paphewa, anzawo a kunjanji akuwakuwiza m'njira kuti kalaliki wasanduka mtengatenga. Mtolowo sanaubweretse kwathu. Anakautula pakhomo pa mayi aja, nawomba m'manja, n'kubwerera osanena zambiri. Anachita zimenezi Loweruka lililonse mpaka mvula inatha. Ndikawaona akusolola zitsotso m'manja madzulo, nkhani ya tsempho inkandichoka mumtima pang'onopang'ono.

Kuchira kwa mwana sikunali kwa tsiku limodzi. Anayamba kusiya kutsekula, kenaka liwombo linadzaza, ndipo tsiku lina anandilanda kachipande n'kudzipaka phala nkhope yonse. Alamu anga anati ndi kachingwe kaja kagwira ntchito. Sindinawatsutse.

Chaka chotsatira anansi athuwo anaganiza zobwerera kwawo ku Zomba, chifukwa bambo aja miyendo inali itayamba kuvuta. Ndinasowa chowapatsa choyenera zimene anandichitira. Ndinagwira thadzi langa lalikulu, loikira, n'kupita nalo lamoyo kuti amuna awo akazinge okha mwa chipembedzo chawo. Mayi aja analandira ndi manja awiri, nalipereka kwa mwana wawo, kenaka ananyamula wanga, yemwe tsopano ankathamanga pabwalo. Anamukweza m'mwamba, namuyesa kulemera kwake, n'kundiuza kuti mwana ameneyu wayamba kuthyola msana, ndisiye kumubereka.