Kagalasi ka pa Njinga ya Amalume

Kanali kagalasi kozungulira, kong'aluka pakati, kamene kanathyoka pa njinga ya amalume tsiku limene anagwera m'ngalande pafupi ndi msika wa Mandimba. Amayi anakatola n'kumakasunga pa mfundo ya kapulana, chitenje chawo. Dzuwa likapendeka ankakhala pakhonde, kupinda mwendo, n'kukalowetsa kunsi kwa phazi. Ine ndinkaseka mpaka misozi. Akazi anzawo amadziyang'anira nkhope pagalasi, athuwa zidendene!

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo inali nyengo yachisanu. Amayi anali atangobwerako ku chipatala cha ku Cuamba, kumene anawauza kuti ali ndi shuga, ndi kuti shugayo wapha mitsempha ya m'mapazi. Zala ndi zidendene zinali dzanzi lokhalokha, moti akaponda munga ankaudziwira pa magazi otsalira pa dothi. Koma m'mbali mwa phazi, mmene munali mutatsala kamoyo, munatuluka timatuza ta madzi toyabwa koopsa. Ankakhalira manja awo kuti asakande.

Mawu a enifermera, namwino wa ku Cuamba, amayi ankawabwereza ngati katekisimu. Osaboola matuza. Osaponda pansi popanda shinelo, nkhwaila zija. Kupukuta bwino pakati pa zala. Madzi osamba kuwayesa kaye ndi chigongono. “Phazi lanu lasiya kulankhula, mayi, ndiye maso azigwira ntchito.” Mpake kagalasi kaja. Ndipo zinkayenda, timatuza tinayamba kuuma tokha, amayi n'kumapitabe kumsika ndi dengu lawo la usipa, limene linkatidyetsa.

Kenako amalume anatulukira.

Iwowa anali mlongo wawo wa amayi, mwinimbumba wathu. Malo amene tinamangapo titabwerako ku Malawi anali awo, munda nawonso, ndipo sankalola kuti tiiwale ngakhale tsiku limodzi. Munthu wake anali uja wodziwa zonse, wotsutsa ndi wailesi yomwe. Sukulu anaithawa asanadziwe kulemba dzina, koma akakhala pansi pa mango n'kutukula chibwano, mumayesa dokotala wafika. Mpaka lero ndikamva mwamuna akuyamba ndi mawu akuti “ine ndikukuuzani”, mtima umandinyansa.

“Shuga wanji munthu womwa tiyi wosathira kanthu? Mlongo wangayu anaponda.” Anatero, kutanthauza kuti mayi wina wogulitsa nawo usipa anakwirira mankhwala panjira. Kagalasi kaja analanda, ati galasi limabwezera matenda m'thupi, n'kukamanganso pa njinga ndi mphira. Kong'aluka komweko! Bola njinga izioneka ya bwana.

M'mawa mwake anabwera ndi makungwa ndi masamba, n'kuwiritsa mumphika waukulu. Fungo lake lowawa ndikulimvabe kukhosi. Matuza onse anawaboola ndi singano ya masaka, ati madzi a mfiti atuluke, kenako anakankhira beseni kwa amayi, nthunzi ili tolotolo. Amayi analankhula kamodzi kokha, chapansipansi.

“Achimwene, anati ndiziyesa kaye ndi chigongono.”

“Ndiye pitani mukakhale kwa enifermera wanuyo, akakupatseninso munda.”

Amayi anayang'ana nyumba yathu, anayang'ana ine, n'kuviika mapazi.

Wothira madzi ndinali ine. Akayamba kuzizira amalume ankafuula, “Thira, mtsikana iwe! Sukuona kuti sakumva? Choipacho ndicho chikumwa kutenthaku.” Dontho limodzi linandigwera padzanja n'kusiya chipsera chimene ndili nacho mpaka pano, koma amayi anali phee, maso ku munda. Ndikawafunsa ankangoti, “Sizikuwawa, mwanangu.” Ndipo sankanama ayi.

Tinachita zimenezi masiku anayi. Tsiku lachisanu khungu la kuphazi lamanzere linasendeka ngati la mbatata yophika. Amayi sankaona kunsi, galasi linali likuyendayenda m'tauni pa njinga, ndipo amalume anamanga phazilo ndi sanza n'kuletsa kumasula. Tinadziwira ntchentche, kenako fungo. Mayi wina woyandikana nafe ndiye anakweza amayi chapa, minibasi ya ku Cuamba, amalume akukalipa pamsewu kuti mankhwala awo asokonezedwa.

Anabwerako mvula itayandikira, ndi ndodo, zala zitatu palibe. Dengu la usipa linakhala chogonera nkhuku. Kumsika sanapitenso.

Mukuganiza kuti amalume anachita manyazi? Aaa, iwo aja? Anakhala pansi pa mango pomwe paja n'kumauza aliyense wodutsa kuti pakanapanda iwo, mwendo wonse ukanapita. Anthu n'kumagwedeza mitu. Anamwalira ali wolemekezeka, pamaliro anthu n'kumati tataya mlangizi. Ine ndinangolavula malovu kuseri kwa nkhokwe.

Shuga uja wandipeza nanenso, ndipo zala zanga zayamba kuchita dzanzi. Ndili ndi galasi langa, lathunthu, ndipo palibe mwamuna angaligwire. Ndikamaviika chigongono m'beseni, amene ndimamukumbukira si amalume ayi, koma kamtsikana kopusa kaja. Sabata imene ija ndinkathamangira kusukulu kukadzitama. Ndinaimirira m'kalasi n'kunena kuti amayi anga ndi olimba kuposa amuna onse a m'Mandimba, amaviika mapazi m'madzi obwadamuka osanena n'komwe kuti mayo. Anzanga anachita kukamwa yasa. Aphunzitsi anaika choko pansi, n'kundifunsa mwakachetechete kuti amathira madziwo ndani.

Ndinadzimenya pachifuwa, ndikumwetulira, n'kuti, “Ine.”