Muvi Woyera pa Manda a Simao

Mai Filesi anabadwira pa famu ina kufupi ndi tauni ya Concession, kumpoto kwa Harare, ndipo pa zaka zawo zonse makumi asanu ndi limodzi sanakhalepo kwina. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi kudzalima fodya. Mai Filesi anakulira m'shedi yosankhiramo fodyayo, kenako anagwira ntchito yodula maluwa mpaka famuyo itasintha eni ake. Pa komboni ankadziwika ndi miyendo yosatopa ndiponso pakamwa posasunga mawu. Kapitawo aliyense amene anadutsapo pa famuyo anali ndi tsiku lake limene anakangana nawo.

Kuseri kwa komboni kuli phiri la miyala. Wopita kuchigayo kapena kuchipatala amadutsa pamenepo, chifukwa msewu wachidule anautseka ndi waya kalekale. Mai Filesi ankalikwera katatu pa sabata, thumba la chimanga kapena mtolo wa nkhuni uli pamutu. Pakati pa phirilo, pansi pa mitengo ya msasa, pali manda a antchito. Anthuwa analibe mudzi woti akaikidweko, choncho anagona pomwepo, aliyense atazunguliridwa ndi miyala. Amuna awo a Mai Filesi, a Simao a ku Tete, anaikidwa pamenepo mu 2011.

Seputembala wa chaka chatha, msasa utaphuka masamba ofiira, Marvellous, mwana wa mwini famu, anaitana anthu a ku Harare kuti adzakwere phirilo Loweruka, ati kulimbitsa thupi. Lachisanu anatuma anthu kukapenta mivi yoyera pa miyala kuti alendowo asasochere. A pa komboni sanawafunse kanthu.

Loweruka m'mawa, Mai Filesi akuchokera kotola nkhuni, anaona muvi woyamba pa thanthwe, naseka. Wachiwiri unaloza kumanda. Wachitatu anaupeza pa mwala wa kumutu kwa a Simao, mwala umene anaukunkhuniza okha kuchokera kumtsinje maliro atatha. Anaima chilili, mtolo uli pamutu.

Posakhalitsa alendo anatulukira, anthu ngati makumi atatu, atavala zothina zamitundumitundu, mabotolo a madzi m'manja, wina atanyamula wailesi yaphokoso. Poona mthunzi wabwino anaganiza zopuma. Bambo wina wamimba anaika phazi pa mwala wa a Simao n'kuyamba kuwongola mwendo. Atsikana awiri anakhala pa mtumbira wa mwana wa mnansi wa Mai Filesi n'kumadzijambula.

Mai Filesi anaponya mtolo uja pakati pa njira, nkhuni n'kumwazika. Anayamba m'Chishona kuti onse amve, koma mkwiyo utakula mawu anatuluka m'Chichewa cha bambo awo. Wailesi inazimitsidwa. Bambo uja anatsitsa phazi lake msangamsanga. Marvellous anathamangira kutsogolo akuomba m'manja mwaulemu.

"Pepani gogo, sitinadziwe. Anyamata anaona ngati ndi miyala chabe. Tiloleni tingodutsa mwachangu."

"Miyala chabe?" anatero Mai Filesi. "Bambo ako atafika pa famu ino, amene anawaonetsa pokumba chitsime ndi munthu wagona apayu. Iwe unadya mapira ookedwa ndi manja ake. Lero wamusandutsa chikwangwani cha anthu okhuta. Pano simudutsa."

Marvellous anadandaula kuti alendowo achokera kutali ndipo njira ina yofikira pamwamba sakuidziwa. Mai Filesi anati iwo akuidziwa. Anatolera nkhuni zawo, kumanga, kusenza, n'kulowera kumanzere kumene kuli thanthwe lotsetsereka, alendo akuwatsatira. Sanacheuke ngakhale kamodzi. Anali atavala patapata wosokedwa ndi waya, koma a nsapato zodula aja anayamba kutsala mmodzimmodzi. Ena ankakwawa ndi manja, ena anakhala pansi akupuma ngati agalu. Pamwamba Mai Filesi anafikapo okha, n'kudikira nthawi yaitali, mtima ukutenthabe.

Mtsikana wina atafika, ali wefuwefu, anatulutsa foni. Anapempha kuti awajambule ndi mtolo wawo pamutu, n'kufunsa chinsinsi cha mphamvu zoterezi pa msinkhu wawo.

"Uzani bwana wanu atsegule msewu wa kuchigayo, muone ngati mudzandipezanso pano," anayankha. "Inu mumakwera mukafuna. Tsitsani foniyo, ine si mbidzi."

Anatsika mbali ina n'kuwasiya pomwepo.

Mawa lake Marvellous anabwera ndi parafini ndi bulashi, pamodzi ndi wantchito woti akweche mwalawo. Mai Filesi anabweza wantchitoyo. Anati wopenta anatumidwa, ndipo wokwecha akhale amene anatuma. Marvellous anagwada pa fumbi n'kukwecha mpaka dzuwa litafika pamutu, Mai Filesi atakhala pa chitsa akumuyang'anira. Penti inali italowa m'ming'alu ya mwala, moti yonse sinachoke. Sabata lomwelo amuna a pa komboni anazika mitengo kuzungulira manda.

Patapita mwezi, mmodzi wa atsikana amene anakhala pa mtumbira aja, dzina lake Prudence, anabwera yekha pa minibasi n'kufunsa nyumba ya Mai Filesi. Anawapeza akuchapa. Anafotokoza mwamanyazi kuti agogo ake aamuna anachokera ku Mulanje ndipo anaikidwa pa famu ina ku Wedza, koma pa banja pawo palibe akudziwa pamene anagona.

"Ndiye iwe unayenera kuzindikira woyamba," anatero Mai Filesi, osakweza maso.

Anamaliza kuchapa, kuyanika, mtsikanayo ataima pomwepo. Kenako anamuponyera chitenje kuti avale pamwamba pa buluku lake, n'kupita naye kunyumba ya Mai Idah, amake a mwana wa pa mtumbira uja, kuti akapepese yekha.