Mkono Wokhota wa a Awa

Ine ndine Jenkins, ndipo ntchito yanga ndi yowongola mafupa pa chipatala china kuno ku Mangochi. Munthu akagwa pa kabaza, kapena mwana akaphonya nthambi ya mango, amabwera naye kwa ine. Ndimakoka, ndimamanga chikhakha, wotsatira alowe. Zochedwachedwa sindigwirizana nazo, n'chifukwa chake ndakhala ndikukangana ndi a Awa Jaffalie kuyambira chaka chimene anafika.

A Awa ndi amene amagonetsa odwala tisanawagwire powawa. Ndi mayi wamfupi wa ku Lungwena, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Asanabaye jakisoni amafuna sikelo, amafuna kudziwa kuti wodwalayo wadya liti, amayang'ana ngati m'silinda muli mpweya, kenako amapana kachipangizo kowala pa chala cha wodwala. Nthawi yonseyo ine ndimakhala nditavala kale magolovesi, maso ali kudenga, mtima ukuwira.

Asodzi amabwera ndi mbedza yolowa m'chala mpaka pa fupa, koma ukawafunsa ngati zikuwawa, onse amati, "Pang'ono." Mwamuna wa kunyanja savomera ululu pamaso pa anthu. A Awa anasiya kalekale kuwafunsa. Amangoyang'ana zala za kumapazi, zikayamba kukanda simenti iwo amatunga mankhwala.

Mkono wawo wamanzere ndi wokhota kunsi kwa chigongono. Nkhani yake anandiuza tsiku lina tikudya chinangwa chootcha kuseri kwa wodi. Ali kamtsikana anagwa pa thandala loyanikapo usipa, bambo awo n'kuwanyamula pa njinga kupita ku chipatala chaching'ono. Kumeneko kunalibe mankhwala ogonetsa. Amene anali pa ntchito anangoti, "Bambo, gwirani mwanayu." Bambowo anapanikiza mwana wawo pachifuwa ndi manja awiri, winayo akukoka. Mwana analira, anaphiriphitha, fupa linakhala mokhota.

"Nkhope ya amene anakoka sindiikumbuka, a Jenkins," anatero. "Ndimakumbuka ya ababa."

Kuyambira tsiku limenelo bambo akalowa m'nyumba, mwana ankatulukira khomo lakuseri. Atakula anamvetsa kuti bambowo analibe kuchitira mwina, koma thupi silinamve. Bambo akangoyandikira, phewa linkathawa lokha. Anamwalira a Awa ali ku koleji, zinthu zikadali choncho.

Ndinaiwala nkhaniyi mpaka m'mawa wina pamene analowa Che Abudu, msodzi wa ku Nkope, atanyamula mwana wawo Hidaya, wamng'ono woti sanayambe sukulu. Anali atagwa pa njinga. Chithunzi chinaonetsa kuti mafupa onse awiri a mkono athyoka ndipo apitirirana. Kuti mkonowo udzagwirenso ntchito bwino, pankafunika kukoka mwana ali phee.

A Awa atatchula zogonetsa, Che Abudu anamukumbatira mwanayo n'kubwerera cham'mbuyo.

"Iyayi amayi. Mayi wake anagonetsedwa pobereka yemweyu, sanadzukenso. Ndinawatseka maso ndi dzanja ili. Mwanayu ndimugwira ndekha, adokotala akoke. Ndimakoka khoka la chilimira ine, sangandipulumuke."

Panja mzere wa odwala unali utafika pa mtengo, ndipo kholo likakana sitilikakamiza. Ndinadziwa kuti mwana wophiriphitha fupa lake silikhala bwino, koma sindikanatha kutsutsa munthu amene anaika kale mkazi m'manda. Ndinayang'ana a Awa. Iwo anakoka mpando, anakhala pansi, napinda mkono wa malaya awo.

"Che Abudu, taonani uwu. Anandigwira ndi ababa anga. Analinso ndi mphamvu ngati inu."

Anawafotokozera zonse m'Chiyao, chimene ine ndimangotolako apa ndi apo, koma za khomo lakuseri ndinazimva. Che Abudu anayang'ana mkono wokhotawo, anayang'ana mwana wawo amene anali atabisa nkhope m'khosi mwawo.

"Mungalumbire kuti adzuka?"

"Kulumbira sindingalumbire, moyo uli m'manja mwa Allah. Koma sindichoka pambali pake mpaka adzuke, ndipo inunso simutuluka. Ndikuuziranitu zimene muone. Mankhwala awa ndi ketamini. Mwana agona maso ali chitsegulire, aziyendayenda, malovu azituluka. Aoneka ngati watisiya, koma adzakhala alipo. Dzanja lanu muliike pachifuwa pake, osapanikiza, kungoligoneka. Ntchito yanu ndi kumvetsera kupuma. Chifuwa chikasintha, mundiuze."

Ife ena makolo timawatulutsa panja kuti asatisokoneze. A Awa satero, ndipo pa ichi takanganapo kangapo. Tsiku limenelo ndinawalekerera, ndipo Che Abudu anavomera.

A Awa anamukweza mwanayo pa sikelo, anafunsa za chakudya, bambo anati phala la m'mamawa basi. Che Abudu ananong'ona Bismillah, jakisoni analowa. Posakhalitsa kulira kunazirala. Hidaya anagona chagada, maso ali tong'o kuyang'ana denga, osaphethira. Ngakhale ine amene ndaziona kambirimbiri, maso amenewo sindinawazolowere.

Ndinaona dzanja lina la Che Abudu likunyamuka lokha, likupita ku nkhope ya mwanayo, zala ziwiri zitatambasuka monga amachitira potseka maso a womwalira. A Awa anatchinga ndi chikhatho, osawakhudza.

"Che Abudu, chifuwa chikutani?"

Bamboyo anabweza dzanjalo. "Chikukwera."

"Chikutsikanso?"

"Chikutsika."

"Ndiye ali nafe. Kokani, a Jenkins."

Ndinakoka. Mkono unali wofewa ngati nsalu yonyowa, mafupa analowa m'malo mwake popanda ndewu. Mwana sanagwedezeke n'komwe. Pomanga chikhakha ndinkamva Che Abudu akubwereza chapansipansi, osafunsidwa ndi munthu, "Chikukwera, chikutsika, chikukwera." Thukuta linkagwera pa shati yawo, koma dzanja lija silinalemere.

Ine ndikamaliza kumanga ndimaona ngati ntchito yatha. Kwa a Awa m'pamene imayamba. Anamugoneka mwana cham'mbali, anamupukuta malovu, anatseka katani kuti pasakhale phokoso, nakhala pamenepo diso lili pa kachipangizo ka pachala. Ndinaona odwala ena angapo, koma mtima unkandikokera komweko, mpaka ndinabwerera ngati ndaiwala lumo.

Ndinapeza Hidaya akuphethira. Anayang'ana chikhakha choyeracho modabwa, anayang'ana ife, kenako anapeza nkhope ya bambo wake.

"Ababa, adokotala abwera liti?"

Che Abudu anawerama pafupi naye. Mwanayo anatukula mkono wabwinowo.

"Ndinyamuleni."

Anamunyamula mosamala, iye n'kukolowekanso mkono m'khosi mwawo, pomwe paja anabisala polowa. Bambo wamkulu wokoka chilimira analira poyera, ndipo palibe amene anamuseka.

A Awa anali atapita pa sinki. Madzi ankangotayika, iwo atagwira mkono wawo wokhota, akuyang'ana awiriwo. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ine amene ndimawanena kuti amachedwetsa mzere. Ndinayandikira n'kutseka mpopi.

"Ndi dzanja la bambo ngati lija linandigwira ine, a Jenkins, ndi pachifuwa pomwepo," anatero motsitsa. "Ababa akanapatsidwa ntchito imeneyi, akanaigwira bwino."

Anatsitsa mkono wa malaya, napita kukabweza sikelo pamalo pake.