Ngoma ya aNangozo pa Mlatho

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utauma chifukwa chogona pamphasa pakati pa amayi oimba. Kunja kunali chisanu cholasa m'mafupa, koma kuseri moto wa nyemba ndi kachewere unali utayaka kale. Tinkaika azakhali anga, aNangozo, mayi woyamba kukhala shefi, mtsogoleri wa boma wa dera lathu.

Mudzi wathu amautcha Chilumba chifukwa mitsinje iwiri inauzinga, ndipo kale mvula ikagwa tinkangokhala ngati nkhuku za m'khola. Azakhali ndiwo anapondaponda ku maofesi a ku Ulongwe mpaka tinalandira mlatho. Sankapsatira mawu. Ankakonda kunena kuti, "Ndikadzafa mudzandivinire ngoma, musadzandinamize ndi misozi yokha." Koma kwathu ngoma ya zishango amavinira mafumu ndi amuna otchuka. Pa siwa madoda anali atakana, ndipo kunena zoona zinandiwawa.

Kutacha anthu anayamba kukhamukira, a ku Lifidzi pa njinga, amalonda a ku Kalomwe pa lole, masisitere a ku Fonte Boa wapansi. Mmodzi mwa adzukulu okumba manda anavala duku ndi jekete la malemu n'kumakalipira aliyense ngati wachedwa kumsonkhano. Ngakhale a padiri, ansembe athu, anaseka mpaka kupukuta m'maso.

Manda athu ali kutsidya. Titafika pa mlatho, onyamula bokosi anaima. Pakati penipeni panali mdala amene ankatsutsana ndi azakhali pamsonkhano uliwonse, nthenga kumutu, chishango m'manja. Ine ndimvekere lero tichita manyazi pamaso pa alendo.

"Mayi awa ankandigonjetsa ine pabwalo, inu nonse mukuona," anatero mdalayo. "Ndiye wogonjetsa amuna tisamuvinire? Mukufuna anthu aziti ndinagonja kwa munthu wamba?"

Anaponda pansi kamodzi. Madoda ena anatuluka m'mabulugamu atavala zikopa, nyimbo inayamba, mlatho n'kumanjenjemera. Amayi anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Ine ndinkalira uku ndikuseka, ndipo tinawaperekeza choncho mpaka kumanda.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munali zii. Njinga ya azakhali inali itatsamira khoma monga mwa masiku onse. Pa msomali pomwe ankakoleka jekete lawo ndinapezapo chishango chija. Sindinafunse amene anachikoleka, ndipo mpaka lero chikadali pomwepo.